Mbiri ya Abraham Lincoln, Phungu wa ku Illinois

Mwezi uno tifuna kuuza awerengi athu za munthu wa ku Amerika, dzina lace Abraham Lincoln. Ambiri amdziwa monga womasula akapolo, koma ife tinene za ciyambi ca nchito yace.

Anabadwa caka ca 1809 ku Kentucky, m'nyumba ya mitengo, kwa makolo aumphawi. Kusukulu anapitako pang'ono pokha, nadziphunzitsa yekha ndi mabuku obwereka. Atakula anakhala ku New Salem, m'cigawo ca Illinois. Caka ca 1832 anapempha anthu kuti amsankhe akhale phungu m'bwalo lopanga malamulo a cigawoco, koma analephera. Sanataya mtima iai. Caka ca 1834 anamsankha, nabwereza kumsankha katatu, nakhala m'bwalomo kufikira 1842.

M'menemo anakhala mtsogoleri wa aphungu a gulu la Whig. Caka ca 1837 iye ndi anzace asanu ndi atatu a ku Sangamon anakopa bwalo kuti mudzi wa boma ucoke ku Vandalia nukhale ku Springfield. Koma si zonse zinamkomera. Anabvomereza lamulo lakukumba ngalande ndi kumanga njanji ndi ndalama zokongola. Ndalama zitasowa m'dziko, nchitozo zinaima, ndi cigawo cinatsala ndi mangawa akuru.

Cimene tiyenera kukumbukira koposa ndi ici. Caka comweco bwalo linadzudzula anthu ofuna kuthetsa ukapolo. Obvomereza anali 77, okana 6 okha. Pamenepo Lincoln, ali ndi zaka 28, pamodzi ndi mnzace Dan Stone, analembetsa m'buku la bwalo kuti ukapolo ngwosalungama, angakhale sanakondwera ndi njira za oufulumiza kuuthetsa. Mau otere sanali okoma m'makutu a osankha ambiri.

Gulu la Whig litapasuka, analowa gulu la Republican caka ca 1856. Caka ca 1858 Stephen Douglas anampambana pa mpando wa Senate, koma caka ca 1860 anthu anamsankha akhale mtsogoleri wa dziko lonse. Pakati pa nkhondo ya paciweniweni, pa 1 January 1863, analamula kuti akapolo a m'zigawo zopanduka akhale mfulu. Anamuombera mfuti pa 14 April 1865, namwalira m'mawa mwace.

Ife amene makolo athu anadziwa kulemera kwa goli, tilemekeze munthu uyu, amene anayamba kunena zoona akali phungu wamng'ono, anzace ali owerengeka.