William James, Mphunzitsi Amene Anadziphunzitsa Yekha

Mwana wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi akapambana mayeso nalowa pa Yunivesite ya Zambia mu Lusaka, pakati pa maphunziro amene angasankhe pali saikoloje, ndiko kuti maphunziro a maganizo ndi makhalidwe a munthu. M'kalasi loyamba la maphunziro amenewa dzina la William James silicedwa kumveka. Iye ndiye anayamba kuwaphunzitsa pa yunivesite ya Harvard ku America, pamene mwini wake anali asanawaphunzire kwa munthu aliyense.

James anabadwira mu mzinda wa New York pa 11 Januwale 1842. Atate ake anali olemera ndi osakhazikika, ndipo anali kusamutsa ana ao kucokera pa sukulu ina kunka pa ina, ku America ndi ku Ulaya komwe. Mnyamatayo anatengera kusakhazikika komweko. Anayesa luso la zojambula, nalisiya. Mu 1861 analowa pa Harvard kuphunzira sayansi, pambuyo pake udokotala. Mu 1865 anatsagana ndi Louis Agassiz ku Brazil kukasonkhanitsa nsomba za mu mtsinje wa Amazon, ndipo kumeneko anadwala. Digiri ya udokotala anailandira mu 1869, koma nchito yociritsa odwala sanaigwire konse.

Kunena zoona, wodwala anali iye mwini. Msana unali kumpweteka, maso anali ofooka, ndipo mtima unamlemera kotero kuti anaganizapo zodzipha. Cimene cinamsautsa koposa ndi ciphunzitso ca akatswiri ena a masiku amenewo cakuti munthu ali ngati makina, wopanda ufulu wosankha cocita. Mu 1870, atawerenga zolemba za Mfalansa Charles Renouvier, anatsimikiza mtima kukhulupirira kuti ufuluwo ali nao. Nchito nayo inamthandiza kudzuka: mu 1872 mkulu wa Harvard, Charles Eliot, anamlemba kuti aziphunzitsa za kagwiridwe ka nchito ka thupi.

Mu 1875 anatsegula kalasi latsopano lofotokoza m'mene thupi ndi maganizo zimagwirizanira. Panalibe buku la Cingerezi lomkhutiritsa, panalibenso mphunzitsi womtsogolera, ndipo iye anali kunena pambuyo pake kuti phunziro loyamba la saikoloje limene analimva linali lomwe analiphunzitsa yekha. Nthawi imeneyo kunali kutatsala zaka zinai kuti Wilhelm Wundt atsegule nyumba yake yochuka yofufuzira za maganizo ku Leipzig mu 1879.

Mu 1878, caka cimene anakwatira Alice Gibbens, analonjeza wosindikiza mabuku Henry Holt kuti adzalemba buku la ophunzira m'zaka ziwiri. Zinapita zaka 12. The Principles of Psychology inaturuka mu 1890, mabuku awiri a masamba pafupifupi 1,400. M'menemo anaphunzitsa kuti maganizo a munthu sali ngati mikanda yotungidwa umodzi umodzi, koma amayenda ngati madzi a mumtsinje. Analemba kwambiri za cizolowezi, kuti cimene munthu acita kawiri kawiri cimapanga njira mu ubongo, monga mapazi apangira njira pa udzu. Za mantha ananena cinthu cimene cinadabwitsa ambiri: munthu akaona cimbalangondo, thupi limayamba kunjenjemera ndi kuthawa, ndipo kumva kusinthika kwa thupiko ndiwo mantha amene. Akatswiri ena, monga Walter Cannon mu 1927, anatsutsa ganizo limeneli, koma mpaka lero ophunzira acaka coyamba amafunsidwa za ilo pa mayeso. Popeza bukulo linali lalikulu koposa, mu 1892 analifupikitsa. Ophunzira anacha lalikulu lija James, ndi laling'onolo Jimmy.

Ukulu wa mphunzitsiyu uoneka bwino pa ophunzira ake. Edward Thorndike, amene anali kufufuza m'mene anapiye amaphunzirira, atasowa malo osungira anapiyewo, James anawalandira m'cipinda capansi ca nyumba yake. Mary Whiton Calkins anatsiriza zonse zofunika pa digiri yapamwamba, ndipo James anamcitira umboni, koma Harvard inamkaniza cifukwa anali mkazi. Mu 1905 mai ameneyu anasankhidwa kutsogolera bungwe la akatswiri a saikoloje a dziko lonse la America. W. E. B. Du Bois, womenyera ufulu wa anthu akuda amene anamwalirira ku Accra mu 1963, anaphunziranso kwa iye.

Kwa aphunzitsi a ana, m'buku lake la mu 1899 lochedwa Talks to Teachers, James sanawanamize. Anawauza kuti kudziwa saikoloje pakokha sikusandutsa munthu kukhala mphunzitsi wabwino, ndi kuti cinthu catsopano cimalowa m'mutu wa mwana cikamangiriridwa pa cimene mwanayo acidziwa kale. Nkhani imeneyi inafika ndi kuno kum'mawa. M'zaka za m'ma 1970 Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anafunsa akuluakulu a m'midzi ya m'boma la Katete za mwana amene iwo amamuyesa wanzeru. Anapeza kuti kwa Acewa nzeru si kucenjera kokha, koma ndi kukhala mwana wotumika ndi wodalirika, zimene mayeso a sukulu saziyesa. Zimenezi anazilemba m'buku la mu 1993, The Significance of Schooling.

James mwini anatopa nayo nchito yopima ndi zipangizo. Mu 1892 anaitana Hugo Münsterberg wa ku Germany kudzayang'anira nyumba yofufuzira ya pa Harvard, iye natembenukira ku nkhani za cipembedzo ndi za cimene cichedwa coonadi. Mu 1898 anavulaza mtima wake pokwera mapiri a Adirondack, ndipo sanacirenso kwenikweni. Anapuma pa nchito mu 1907, namwalira pa 26 Ogasiti 1910 ku Chocorua, m'cigawo ca New Hampshire, ali ndi zaka 68.