Paul Durand-Ruel, Wogula Zithunzi Zimene Ena Anazikana

Paul Durand-Ruel anabadwira ku Paris m'chaka cha 1831, ndipo mu 1865 analowa m'malo mwa atate ake pa malonda a zithunzi zojambula ndi utoto. Nkhondo ya France ndi Prussia itabuka mu 1870 anathawira ku London. Kumeneko anakomana ndi Claude Monet ndi Camille Pissarro, amisiri amene ntchito zawo zinali kunyozedwa kwawo, nayamba kuwagula zithunzi.

Mwambo wa amalonda anzake unali kuyamba aona mitengo ya pa okushoni asanamkhulupirire mmisiri watsopano. Iye sanatero. Mu 1872 anagula zithunzi 23 za Édouard Manet nthawi imodzi, pa mtengo wa mafranki 35,000. Komabe okushoni sanaipeputse, pakuti mtengo ukagwa poyera mbiri yake imawanda, ndipo chuma chonse chosungidwa m'sitolo chimagwa nawo. Nchifukwa chake mu 1875, pamene zithunzi za Monet, Renoir, Sisley ndi Morisot zinasekedwa ndi kugulidwa motchipa ku Hôtel Drouot, iye mwini anagulako zina.

Kulimba mtima kumeneku kunamlowetsa m'ngongole zoopsa, makamaka banki ya Union Générale, imene mkulu wake ankamkongoza ndalama, itagwa mu 1882. Anapulumukira ku New York, kumene mu 1886 anaonetsa zithunzi pafupifupi 300, Amereka nayamba kugula. Anamwalira mu 1922 ali ndi zaka 90, atagula zithunzi za Monet zoposa 1,000 ndi za Renoir pafupifupi 1,500.