Lord Kelvin

William Thomson, wodziwika kwambiri ndi dzina loti Lord Kelvin (26 Juni 1824 – 17 Disembala 1907), anali katswiri wa masamu ndi fizikisi wa ku Britain. Ophunzira amamudziwa chifukwa cha muyezo wa kutentha wotchedwa kelvin, koma ndi iyenso anatulukira mfundo imene masensa ambiri oyeza kupanikiza ndi kulemera amayendera masiku ano.

Ubwana ndi maphunziro

Anabadwira ku Belfast, ku Ireland. Mayi ake anamwalira mu 1830 iye akadali wamng'ono, ndipo mu 1832 bambo ake, James Thomson, anapeza ntchito yophunzitsa masamu pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland. William analembetsa pa yunivesiteyo ali ndi zaka 10. Anakapitiriza maphunziro ku Cambridge, ndipo mu 1846, ali ndi zaka 22, anabwerera ku Glasgow kukakhala pulofesa. Anakhala pa udindowu zaka 53. Mu 1848 anakonza muyezo wa kutentha woyambira pa kuzizira kotheratu, komwe ndi madigiri 273.15 pansi pa ziro pa muyezo wa Celsius.

Waya wokokedwa

Mu 1856 Thomson anafotokozera bungwe la Royal Society ku London zomwe anapeza atayesa mawaya achitsulo ndi akopa. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono akamadutsa, ndipo kukanizaku kumatchedwa resistance. Iye anaona kuti waya akakokedwa ndi katundu, resistance yake imakwera, ndipo waya wachitsulo amasintha kwambiri kuposa wakopa. Mbali ina n'chifukwa choti waya wokokedwa amatalika n'kuwonda, motero magetsi amayenda movutikira. Mbali ina ndi kusintha kwa m'kati mwa chitsulocho.

Kusinthaku n'kochepa zedi. Pofuna kukuona, Thomson anagwiritsa ntchito kalumikizidwe ka mawaya kotchedwa Wheatstone bridge, komwe nthambi zinayi zimalinganizidwa kotero kuti imodzi ikangosintha pang'ono, mita imaonetsa.

Thomson anamwalira zomwe anapezazi zisanagwire ntchito yeniyeni. Mu 1938 Edward Simmons ndi Arthur Ruge a ku America, aliyense payekha, anapanga strain gauge, kawaya kopyapyala komatidwa pa chinthu chomwe chikupindika. Mu 1954 Charles Smith wa ku Bell Laboratories anapeza kuti silikoni amasintha resistance kwambiri kuposa zitsulo wamba. Sensa ya masiku ano imakhala ndi kachikopa kopyapyala ka chitsulo kapena silikoni. Madzi kapena mpweya zikakakankha, kamapindika, timawaya tinayi tomwe tili pamenepo timakokedwa kapena kufinyika, ndipo kusintha kwa magetsi kumasanduka nambala yowerengeka. Umu ndi momwe amagwirira ntchito makina ambiri oyeza BP m'zipatala, komanso masensa a m'mapaipi a madzi ndi a m'injini za galimoto. Sikelo za digito zomwe mavenda amagulira chimanga, soya ndi mtedza m'misika ya ku Lilongwe zimayendera mfundo yomweyi, kungoti timawayato timamatidwa pa kachitsulo kosenza katunduyo.

Vuto lalikulu la zipangizozi ndi kutentha, chifukwa nakonso kumasintha resistance ya waya ngakhale palibe chomwe chikukankha. N'chifukwa chake opanga amaika timawaya tinayi pamodzi kuti kutentha kukatikhudza tonse mofanana, kusinthako kuzifafanizana, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito chitsulo cha constantan chomwe sichisintha kwambiri ndi kutentha. Kusenzetsa katundu wopitirira malire kumapinda kachitsuloko mpaka kalekale, moti sikelo siyambiranso pa ziro. Chinyontho chimaononga guluu womatira. Sikelo yotere imaonetsabe manambala ooneka bwino koma abodza, ndipo woluza amakhala mlimi wogulitsa thumba lake. Ku Malawi ntchito yoyendera ndi kutsimikiza masikelo a malonda ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards.

Chingwe cha pansi pa nyanja

Pa nthawi ya moyo wake, Thomson anatchukira chingwe cha telegalafu chodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic. Chingwe cha mu 1858 chinafa patangopita masabata ochepa, Wildman Whitehouse atachidutsitsa magetsi amphamvu kwambiri. Thomson ankalimbikira zoti agwiritse ntchito kopa wabwino, magetsi ochepa ndi chipangizo chake cha kagalasi chotha kumva magetsi ofooka. Chingwe cha mu 1866 chinagwira ntchito, ndipo chaka chomwecho Mfumukazi Victoria inamupatsa ulemu wa Sir.

Analakwitsa kwambiri pa zaka za dziko lapansi. Powerengera momwe dziko limazizirira, anamaliza ndi kunena kuti lili ndi zaka pakati pa 20 ndi 40 miliyoni, pomwe lero zimadziwika kuti ndi pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo anakakamira maganizowa kwa zaka zambiri.

Imfa

Mu 1892 anapatsidwa udindo wa Baron Kelvin. Dzinali, lomwe anyamata ambiri ku Malawi ndi ku Zambia alinso nalo, ndi la mtsinje wodutsa pafupi ndi yunivesite ya Glasgow. Anakwatira kawiri koma analibe mwana. Anamwalirira kunyumba kwake pafupi ndi Largs ali ndi zaka 83, ndipo anaikidwa mu tchalitchi cha Westminster Abbey pafupi ndi Isaac Newton, momwenso munaikidwa David Livingstone mu 1874.