A Godfrey Chitalu: mnyamata wovuta amene anakhala mphunzitsi wa dziko

Ife amene timadutsa ku Buchi m'mamawa popita ku nchito ku Heavy Industrial Area mu Kitwe, sitingaiwale kuti timu ya komboni imeneyi, Kitwe United, ndiyo inakuza malemu a Godfrey Chitalu. Anabadwira ku Luanshya pa 22 Okutobala 1947.

Pa unyamata wao anali wamtima wapacala. Tsiku lina atalakwa m'bwalo, woimba wezulo, a Arthur Davies, anawafunsa dzina. Iwo anayankha mwamwano kuti ndi Denis Law, katswiri wa ku Scotland, ndipo anawatulutsa. M'malo mowataya, akuluakulu a timu anawapatsa ukaputeni mu 1968. Caka comweco anamwetsa zigoli 81, nasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'dziko. Ulemu umenewu anaulandira kasanu m'moyo wao.

Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, kumene mu 1972 anamwetsa zigoli 107. Dzina lakuti Ucar linacokera ku mabatire amene anali kudziwika kuti sakutha msanga.

Koma kudziwa kumenya mpira si kudziwa kuphunzitsa. Mayeso ao anafika pamene Warriors inatsitsidwa mu ligi yaikulu kumapeto kwa 1990. Timu yogwayo anaipereka m'manja mwao, ndipo m'caka cimodzi anaibweza pamwamba. Anawasankha kukhala mphunzitsi wopambana wa 1991.

Mu Disembala 1992 Zambia inagonja kwa Madagascar ndi zigoli 2 kwa 0 pa mpikisano wopita ku World Cup. A Samuel Ndhlovu anacotsedwa, ndipo a Moses Simwala amene analowa m'malo mwao anadwala. Katundu anagwera a Chitalu, mothandizidwa ndi a Alex Chola a ku Power Dynamos. Anyamata anadzuka, anabwezera Madagascar mu Lusaka, napitirira pa mpikisanowo. Pa 25 Epulo 1993 anacapa Mauritius 3 kwa 0 kwao komwe.

Patapita masiku awiri, pa 27 Epulo, ndeke ya asilikali yowatengera ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. A Chitalu anali ndi zaka 45. Anawaika pafupi ndi bwalo la Independence mu Lusaka. Mu 2012 Zambia inatenga cikho ca Africa mumzinda womwewo wa Libreville, ndipo bwalo la Warriors ku Kabwe analicha dzina lao.

Nanga ife makolo? M'midzi ndi m'makomboni mwathu muli ana ouma mutu amene tawatopa nao. Mlimi sapha ng'ombe yaukali ikali yaing'ono, amaiphunzitsa joko. A ku Kitwe United akadathamangitsa mnyamata wamwano uja, dziko likadataya womwetsa zigoli ndi mphunzitsi yemwe. Tisanamtaye mwana wotere, tiyambe tamusenzetsa udindo, tione.