MBIRI YA MOHANDAS GANDHI, MMWENYE WA KU TROYEVILLE AMENE ANASAMALA OSAUKA A MU JOHANNESBURG

Abale anga a ku migodi ndi a m'mapulazi, yense amene anatsika sitima ku Joni wopanda mbale womcingamira adziwa kuti umphawi wa m'mzinda uposa wa kumudzi kuwawa kwace. Kumudzi wosauka ali nako kanyumba kace, ndi dimba, ndi mlongo womgawira ufa. Koma m'mzinda nchito ikatha, pogona pathanso tsiku lomwelo. Cifukwa cace ndifuna kukufotokozerani mbiri ya munthu wina amene anakhala pakati pa osauka a mu Johannesburg, nawagwirira nchito pa nthawi imene akuru a mzinda anawataya. Dzina lace ndiye Mohandas Karamchand Gandhi. Maiko onse amkumbukira cifukwa ca ufulu wa India, koma owerengeka okha adziwa kuti nzeru zace za kusamala aumphawi anaziphunzira kuno, ndi kuti nyumba yace inali ku Troyeville, mu mseu wa Albemarle, kum'mawa kwa mzinda, pafupi ndi Jeppestown.

UBWANA WACE NDI KUDZA KWACE

Gandhi anabadwa pa 2 October, 1869, ku Porbandar, m'mbali mwa nyanja ya mcere kumadzulo kwa India. Atate wace anali nduna yaikuru ya mfumu ya kumeneko, cotero mwanayo sanadziwa njala. Anamkwatitsa mkazi, dzina lace Kasturba, ali wa zaka 13 zokha, monga mwa mwambo wa kwao. M'caka ca 1888 anapita ku London kukaphunzira malamulo, ndipo mu 1891 anakhala loya, ndiye wonenera anthu pa mirandu. Atabwerera kwao nchito sinamyendera bwino, pakuti anali wamanyazi pakulankhula. Ndico cifukwa cace mu 1893 anabvomera kudza ku Natal kudzathandiza pa mlandu wa wamalonda wina, dzina lace Dada Abdulla.

M'caka comweco, ali pa ulendo wa ku Pretoria, anamturutsa m'sitima pa Pietermaritzburg cifukwa ca khungu lace, angakhale anali ndi tikiti ya kalasi yoyamba. Anacezera usiku wonse pa siteshoni m'cisanu ca mwezi wa June. Mwana wa nduna analawa usiku umenewo cimene mlendo wopanda pogona alawa masiku onse.

Ku Durban anakomana ndi Amwenye osauka amene analembedwa pa pangano la zaka zisanu kudzalima m'minda ya nzimbe, monga umo abale athu ambiri analembedwera ndi Wenela kudza ku migodi. Mu 1894 anayamba bungwe la Natal Indian Congress lakuwanenera. Ndipo pambuyo pace anayamba kupita m'mawa ku kacipatala ka Dr. Booth ka anthu aumphawi, kumene anali kufunsa odwala zowawa zao ndi kuwasanganizira mankhwala, wosalandira malipiro.

CAOLA CA 1904

Mu 1903 Gandhi anatsegula ofesi yace ya uloya mu mseu wa Rissik mu Johannesburg. Masiku amenewo Amwenye osauka anakhala m'lokeshoni kumadzulo kwa mzinda, pamalo pamene lero pali Newtown. Masipala, ndiwo akuru oyang'anira mzinda, anati malowo ndi auve, nawalanda m'caka comweco. Gandhi ananenera eni malo pa mirandu ngati 70 ya kufuna malipiro oyenera, ndipo unamlaka umodzi wokha. Koma Masipala atatenga malowo sanawakonza. Analandira ndalama za lendi, anthu nacurukirabe m'tizipinda, zinyalala ndi zonyansa niziunjikana. Mu February, 1904, Gandhi analembera Dr. Porter, dotolo wamkuru wa mzinda, kumcenjeza kuti mliri uli pakhomo. Mau ace sanasamalidwa.

Itagwa mvula ya masiku ambiri, pa 18 March anthu 23 anapezedwa m'lokeshonimo alikudwala kolimba. Anali anchito a pa mgodi wina wa golidi, ndipo nthenda yao inali caola ca m'mapapu. Kacirombo ka nthendayi kayenda ndi utitiri wa makoswe, koma kakalowa m'mapapu kacoka kwa munthu kumka kwa mnzace ndi kutsokomola, ndipo kapha m'masiku owerengeka. Mnzace wa Gandhi, dzina lace Madanjit, anatyola loko wa nyumba ina yopanda anthu, nagonekamo odwalawo, natumiza mau ku ofesi. Gandhi anakwera njinga yace nthawi yomweyo. Anamtsata Dr. William Godfrey, dotolo wa Cimwenye, ndi alembi anai a m'ofesi mwace. Mzungu wa m'ofesimo, Louis Ritch, anafunanso kulowa, koma Gandhi anamkaniza popeza anali ndi banja lalikuru.

Usiku wonse anthu amenewa anamwetsa odwala mankhwala, nawasinthira zogonera, nawacotsera zonyansa. M'mawa mwace Masipala anapereka nyumba yakale yosungiramo katundu, koma yosasesa. Anaisesa ndi iwo omwe, napempha mabedi ndi zopfunda kwa Amwenye anzao. Mwa odwala 23 aja anapulumuka awiri okha. Namwino amene Masipala anamtumiza anatenga nthendayo, namwalira iyenso. Gandhi ndi anyamata ace sanadwala.

Tsono taonani cimene cinagwera otsalawo. Asilikari anachinga lokeshoni yonse, anthu ngati 3,000, Amwenye ndi anthu akuda pamodzi, natengedwa pa sitima kumka ku Klipspruit, mtunda wa mamailosi 13, kukagona m'mahema. Ndipo nyumba zao zinatenthedwa ndi moto. Osaukawo sanadziwa banki. Ndalama zao anali kuzikwirira pansi m'nyumba. Pakuopa kuti zidzatayika anazifukula, nazipereka m'manja mwa Gandhi, amene iwo anali kumuyesa mbale wao. Monga anawerengera iye mwini, zinakwana pafupi-fupi £60,000. Anapempha mkuru wa banki kuti azilandire zitatsukidwa ndi mankhwala, ndipo ambiri anaphunzira pamenepo kusunga cuma cao m'banki. Amwenye ambiri anabwerera pambuyo pace pafupi ndi mzinda, koma anthu akuda anatsala komweko. Ndipo Klipspruit ndiyo mbeu ya Pimville ndi Soweto wa lero.

NYUMBA YA KU TROYEVILLE

Utapita mliri, mkazi wace ndi ana ace atatu, Manilal, Ramdas ndi Devdas, anafika kucokera ku India, ndipo Gandhi anacita lendi nyumba yosanjikiza ku Troyeville. Anali loya wopata ndalama zambiri, koma anaika lamulo lakuti a m'nyumbamo azikhala monga akhalira osauka. Anagula mphero ya pamanja ya £7, ndipo m'mamawa akuru ndi ana anali kupera okha tirigu wa mkate wao. Cimbudzi anali kutsuka okha, osasiyira wanchito. Iye ndi ana ace anali kuyenda pansi kumka ku ofesi ndi kubwera, mamailosi asanu onse pamodzi, alikuwaphunzitsa pa njira. M'nyumba momwemo munakhalanso Mzungu, Henry Polak, ndi mkazi wace Millie, nadyera pa gome limodzi ndi Amwenye, cinthu cacilendo ndithu m'Transvaal wa masiku amenewo. Nzeru yace inali yakuti munthu wosazolowera nchito yonyozeka pakhomo pace sadzakhoza kuigwira tsiku la tsoka pakhomo pa mnzace.

CIREMA CACE

Koma mbiri yoona siibisa cirema ca mwini wace. Cifundo ca Gandhi pa zaka zimenezo cinali ndi mpanda, ndipo ife anthu akuda tinali kunja kwa mpandawo. M'makalata ace oyamba anali kuchula anthu akuda ndi dzina lonyoza limene Azungu anali kutichula nalo. Ku Durban anadandaula kuti Amwenye alowera khomo limodzi ndi anthu akuda pa positi ofesi. Ndipo m'makalata omwe aja a kwa Dr. Porter anadandaulanso kuti Masipala alikusanganiza anthu akuda ndi Amwenye m'lokeshoni. Cifukwa ca mau otere, zaka zoposa zana zitapita cilonda sicinapola: mu October, 2018, bwalo lalikuru la mirandu linaimitsa nchito ya kumanga ciboliboli cace ku Blantyre, anyamata a ku Malawi atadandaula, ndipo mu December caka comweco ciboliboli cace cinacotsedwa pa sukulu yaikuru ya University of Ghana.

Mu 1906 Azulu a mfumu Bambatha anakana msonkho wa £1, ndipo Gandhi anasiya nyumba ya ku Troyeville, natumiza banja lace ku Phoenix, mudzi umene anauyamba mu 1904 pafupi ndi Durban, napita iye ndi gulu la Amwenye onyamula obvulala pa macila. Anapita ku mbali ya Boma la Natal, ndipo ambiri amtsutsa pa ici kufikira lero. Koma nchito imene anampatsa kumeneko inali ya kutsuka mabala a Azulu okwapulidwa ndi zikoti, amene Azungu anakana kuwakhudza, mabala ataola masiku ambiri. Zimene anaona kumeneko zinamsautsa mtima, ndipo cikhulupiriro cace pa cilungamo ca Boma cinayamba kugwedezeka.

MUDZI WA OSOWA POKHALA

Pa 11 September, 1906, Amwenye anasonkhana mu Empire Theatre mu Johannesburg, nalumbira kukana lamulo la zitupa popanda kumenya munthu. Gandhi analowa m'ndende mu January, 1908, ndipo pa 16 August caka comweco zitupa zoposa 2,000 zinatenthedwa pa mzikiti wa Hamidia. Koma mwamuna akamangidwa lendi siimangidwa naye; akazi ndi ana a omangidwawo anasowa cakudya ndi pogona. Pamenepo mu 1910 bwenzi lace, Hermann Kallenbach, anagula pulazi ya maekala 1,100 ku Lawley, mamailosi 21 kucokera mu mzinda, naipereka kwaulere kuti mabanjawo akhalepo. Dzina lace linali Tolstoy Farm. Pamenepo Ahindu, Asilamu, Aparsi ndi Akristu anamanga okha nyumba zao, nalima, nasoka nsapato, naphika m'khichini limodzi, naphunzitsa ana ao. Panalibe wopemphapempha, pakuti yense anali ndi nchito yace. Ndipo ndalama zocepa zinakwanira anthu ambiri.

Mu November, 1913, anatsogolera anchito a m'migodi ya malasha oposa 2,000 kucokera ku Newcastle kulowa m'Transvaal, pokana msonkho wa £3 umene unalemetsa Amwenye otsiriza pangano lao. Msonkhowo unathetsedwa mu 1914, ndipo mu July caka comweco Gandhi anacoka m'dziko lino osabweranso.

Ku India anapitiriza njira yomweyo. Mu 1915 analandira m'mudzi mwace ku Ahmedabad banja la anthu amene Ahindu anali kuwayesa odetsedwa osayenera kukhudzidwa, angakhale olemera omthandiza analeka kupereka ndalama cifukwa ca ici. Mu 1930 anayenda pansi mamailosi 240 kumka ku nyanja pa Dandi, pokana msonkho wa mcere umene unapweteka osauka koposa. India analandira ufulu pa 15 August, 1947, ndipo pa 30 January, 1948, Gandhi anaomberedwa ndi mfuti ku Delhi alikupita ku mapemphero, ali wa zaka 78. Wakumupha anali Mhindu mnzace, Nathuram Godse, amene anamuda cifukwa ca kukomera mtima Asilamu.

CIMENE TITOLEPO

Masautso a 1904 sanatha ndi moto wa lokeshoni ija. Pa 31 August, 2023, nyumba ya Usindiso mu mseu wa Albert, pakati pa Johannesburg, inapsa usiku, anthu 76 nafa, ndipo mwa iwo munali abale athu a ku Malawi. Nyumbayo inali ya Masipala. Kale inali ofesi ya zitupa, pambuyo pace pothawirapo akazi ozunzidwa, ndipo potsiriza inasiyidwa, osauka nadzazana m'menemo. Bungwe lofufuza la Khampepe linapeza mu 2024 kuti akuru a mzinda ali ndi mlandu wa kusasamala nyumbayo.

Cotero, abale anga, mbiri iyi itiphunzitsa zinthu zoti tizicite. Tikaona coipa pamene tigona, tinene msanga ndi kalata kwa akuru, ndipo tisunge cifanizo ca kalatayo. Mnzathu akadwala kapena kucotsedwa nchito, tisati tidikire Boma, pakuti usiku woyamba uja odwala anasungidwa ndi alembi anai ndi dotolo mmodzi. Tilimbitse mabungwe athu a maliro ndi a kuthandizana, tisankhe osunga cuma okhulupirika, ndalama zikhale m'banki. Ndipo pamene Gandhi anacedwa kuphunzira, ife tifulumire: pogona pathu tisafunse ngati wogogodayo ali Mcewa, Mtonga, Mshangani, Mzulu kapena Mmwenye. Akuru athu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire, pakuti mawa adzazima zako. Ndipo caola ca 1904 sicinafunsa munthu mtundu wace, moto wa 2023 sunafunsanso.