Emil Fischer, Mnyamata Amene Bizinesi Inamukanika

Anzanga, usipa ndi nyemba zimene timadyera nsima kuno ku Chinguluwe zili ndi mapuloteni, ndipo mapuloteniwo amapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid. Munthu amene anaonetsa mmene tizidutswati timagwiranirana ndi Emil Fischer wa ku Germany, wobadwa mu 1852.

Chimene chimandiseketsa ine n'chakuti bambo ake anamuyesa pa bizinesi ya matabwa koma zinakanika. Iwo anaona ngati mwanayu mutu wake sukoka, bola angopita kusukulu basi. Komatu mwana yemweyo anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1902 pa kafukufuku wa shuga!

Kenako analimbana ndi mapuloteni. Amino acid iliyonse ili ndi mbali ya amine ndi mbali ya asidi. Mbali ya asidi ikagwirana ndi amine ya inzake, pamachoka madzi, ziwirizo n'kumangana. Mu 1907 Fischer analumikiza ma amino acid 18 ngati mikanda pa ulusi.

Mapeto ake ndiye omvetsa chisoni. Ana ake awiri mwa atatu anamwalira nthawi ya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Iye anamwalira ku Berlin mu 1919 akudwala khansa.