CHARLES LWANGA WOYERA NDI CHIKHRISTU CHA PA KHADI

Ine ndinabatizidwa ndili ndi miyezi itatu. Khadi langa la ubatizo amasunga amayi m'sutikesi kwathu ku Ndirande, ndipo pomwepo analembaponso za Ukaristia woyamba ndi ulimbitso. Kale ndinkaganiza kuti munthu wa khadi lotere, wopereka mtulo ndi wosajomba ku Misa, watha zonse. Koma nditawerenga mbiri ya Charles Lwanga Woyera, maganizo amenewa anandithera.

Lwanga anabadwa cha m'ma 1860 m'dera la Buddu, mu ufumu wa Buganda, m'dziko limene lero tikulitcha Uganda. M'chaka cha 1879 amishoni a chipani cha White Fathers, Bambo Siméon Lourdel ndi Brother Amans, anafika kwa mfumu Mutesa. Chipani chomwechi ndi chimene chinadzatsegula mishoni ya Mua kuno kwathu mu 1902. Mu 1882 amishoniwo anachoka ku Buganda ndipo anabwereranso mu 1885. Zaka zonsezo kunalibe wansembe, kunalibe Misa, koma ophunzira chikhristu sanaleke. Ankaphunzitsana okha katekisimu ndi mapemphero.

Mutesa atamwalira mu 1884, mwana wake Mwanga analowa ufumu. Lwanga ankagwira ntchito kubwalo la mfumu pansi pa Joseph Mukasa, Mkatolika amene ankayang'anira anyamata otumikira mfumu. Mwanga anali ndi khalidwe lokakamiza anyamatawo kuchita naye zadama, ndipo Mukasa ankawabisa ndi kuwalimbitsa mtima kuti azikana. Mu Okutobala 1885 mfumu inaphetsa Bishopu James Hannington wa mpingo wa Anglican. Mukasa anaidzudzula mfumu pa imfa imeneyi, ndipo pa 15 Novembala 1885 anamudula mutu natentha thupi lake.

Apa ndi pamene pamandichititsa nthumanzi. Munthu wosamala moyo wake akanataya katekisimu tsiku lomwelo. Koma Lwanga ndi anzake ena anapita kwa ansembe usiku kukapempha ubatizo. Iwo anafuna dzina la Mkhristu pa nthawi imene dzinalo linali loitana imfa. Atabatizidwa, Lwanga anasenza ntchito imene inaphetsa Mukasa: kuteteza anyamata ndi kuwaphunzitsa za Mulungu.

Pa 25 Meyi 1886, ku Munyonyo, mfumu inakwiya kwambiri itamva kuti Denis Ssebuggwawo ankaphunzitsa chikhristu mmodzi mwa anyamata ake. Poona kuti zinthu zafika poipa, usiku umenewo Lwanga anabatiza yekha anyamata angapo. Mmodzi mwa iwo anali Kizito, wa zaka pafupifupi 14. M'mawa mwake mfumu inasonkhanitsa anyamata onse ndi kulamula kuti amene amapemphera apatuke aime paokha. Panalibe wofunsa za khadi. Aliyense anayankha ndi miyendo yake. Lwanga anatsogola, Kizito ali pambali pake.

Anawamanga ndi kuwayendetsa pansi mpaka ku Namugongo, kumene anakhala m'ndende pafupifupi sabata imodzi uku nkhuni zikusonkhanitsidwa. Mmodzi mwa iwo, Mbaga Tuzinde, anali wa m'banja la Mukajanga, mkulu wa opha anthu. Abale ake anamunyengerera kuti akane chikhulupiriro apulumuke, koma iye anabwerera kwa anzake. Pa 3 Juni 1886, tsiku la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, anawatentha. Lwanga anamutentha payekha, moto ukuyambira kumapazi pang'onopang'ono. Anafa ali ndi zaka pafupifupi 26, patangopita miyezi yosakwana 7 chibatizidwireni. Akhristu a Anglican nawonso anafera pamalo omwewo. Papa Paul VI anaika Lwanga ndi anzake 21 m'gulu la Oyera pa 18 Okutobala 1964.

Tsopano ndinene za ine. Pa tchuthi chathachi, tsiku lina Lamulungu ndikuchokera ku Misa, ndinapeza anyamata akuluakulu atakhala kuseri kwa okala ina. Anali kutuma kamnyamata ka pafupi ndi kwathu, ka Sitandade 5, kuti kakawagulire chamba. Kamnyamatako kanandiyang'ana, chifukwa kamandidziwa kuti ndine wa ku seminale. Ine ndinali ndi kolona pakhosi ndi buku la nyimbo m'manja. Ndinawerama ndi kudutsa ngati sindinaone kanthu. Ndinaopa kuti andiseka, azinditcha abambo mfumu monyoza. Panalibe moto, panalibe mfumu Mwanga. Chimene ndinathawa chinali chipongwe chabe.

Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku limenelo mkuyuwo ndinali ine. Kizito anali atabatizidwa usiku umodzi wokha pamene anaima pagulu la opemphera. Ine ndakhala ndi ubatizo zaka 16, koma ndinalephera kutsegula pakamwa chifukwa cha mwana mmodzi.

Sindikunyoza khadi, mtulo kapena Misa, pakuti zonsezi n'zofunika mu Eklezia. Koma khadi limangonena za tsiku limene makolo anatiyankhulira. Wophunzira wa Yezu amadziwika pa tsiku limene ayenera kudziyankhira yekha, makamaka pamene wofooka ali pangozi. Anzanga a ku seminale, ngakhale mkanjo wa unsembe sungatisinthe ngati sitiphunzira zimenezi tsopano, poyambira ndi mmene timakhalira ndi ang'ono athu a Fomu 1.

Nkhani ija ndinakaiulula kwa Bambo wotilangiza za uzimu. Tchuthi chikubwerachi ndikayamba ndi kuonana ndi makolo a kamnyamata kaja, kenaka ndikakatengere ku gulu la otumikira Misa. Mantha ndikadali nawo. Makolo ndi ansembe athu, mutipempherere kwa Charles Lwanga Woyera, nkhoswe ya achinyamata a mu Afrika.